Chiwindi cha nsomba ndi mafuta amene timathira mu fidi

Pa thumba la fidi, chakudya cha nsomba zoweta, pamakhala manambala awiri amene aliyense amathamangira kuwona, puloteni ndi mafuta. Puloteni 32 peresenti, mafuta 6 peresenti, basi munthu wakhutira wanyamula thumba lake. Koma nambala ya mafutayo ine ndimaitenga ngati theka la nkhani, mwinanso siifika n'komwe theka, chifukwa siikuuzani kuti mafutawo ndi a mtundu wanji, achokera ku chiyani, ndipo akhala nthawi yaitali bwanji asanalowe mkamwa mwa nsomba. Mafidi awiri atha kulemba 6 peresenti yomweyo, wina nsomba zake zili bwinobwino winayo chiwindi chikusungunuka mkati mwakachetechete uku kunja nsomba ikuoneka yonenepa yosangalatsa.

Amene munatumbulako nsomba zoweta zambiri mukudziwa zomwe ndikunena. Chiwindi cha tilapia yathanzi chimakhala chofiirira moderako, chogwirana, m'mbali mwake mopyapyala bwino. Pomwe chimene chadzadza mafuta chimatuwa, nthawi zina chimapita kuchikasu, chimafufuma m'mbali mwake n'kukhala mobulungira, ndipo ukachitsina ndi zala ziwiri chimangophwanyika osalimbana nawe, mpeni n'kutuluka wonona. Chopweteka n'chakuti nsomba yotere siionetsa msanga. Imadya, imakula, mwini wake n'kumanyadira. Vuto limadzaonekera tsiku lomwe mwaikoka ndi ukonde kuti musankhe zazikulu, kapena mwaisamutsa pa galimoto, kapena mpweya watsika m'damu m'bandakucha, ndiye mumangoona zikufa zambiri kuposa mmene zimayenera kufera, ndipo nthawi zambiri zimayamba ndi zonenepa zomwe zija. Anthu amathamangira kunena kuti madzi, kapena matenda abwera ndi mbewu, chiwindi osachiyang'ana.

Tiyeni tione kaye zomwe zimachitika mafuta akamezedwa. M'matumbo amakumana ndi ndulu, imene imapangidwa ndi chiwindi chomwecho, ndulu imawaphwanya kukhala timadontho ting'onoting'ono kenako ma enzyme amawadula kukhala tizidutswa tomwe timatchedwa ma fatty acid. Tizidutswati timalowa m'thupi ndipo ambiri mwa iwo amadutsa m'maselo a chiwindi. Selo la chiwindi likalandira fatty acid lili ndi njira zingapo. Litha kumuwotcha mu mitochondria, ting'anjo ta m'selo, kuti nsomba ipeze mphamvu, ndipo kuti alowe mmenemo amafunika kunyamulidwa ndi mankhwala a m'thupi otchedwa carnitine. Litha kumangira khungu la selo lenilenilo, poti khungu la selo lililonse ndi mafuta. Litha kumulongedza pamodzi ndi puloteni m'timapaketi totchedwa VLDL n'kumutumiza m'magazi apite ku minofu kapena kosungira mafuta m'mimba. Zikakanika zonsezi limangomusunga mkati mwake ngati dontho. Ndiye chiwindi chamafuta si matsenga ayi, ndi masamu chabe, zolowa zachuluka kuposa zowotchedwa ndi zotumizidwa. Ndipo masamuwa atha kusokonekera mbali iliyonse, osati kolowera kokha, apa ndi pomwe ambiri timaphonya.

Pa maikulosikopu zimaoneka bwino zedi. Selo lathanzi limakhala ndi nyukiliyasi yake yozungulira pakatikati. Mafuta akayamba kuunjikana mumayamba kuona timabowo toyera, poyamba ting'onoting'ono tambirimbiri, kenako timaphatikizana kukhala bowo limodzi lalikulu ndipo nyukiliyasi ija imakankhidwira kukhoma n'kuphwatalala, ngati munthu amene walowetsa katundu m'chipinda mpaka iye mwini akugona chopendekera pakona. Mabowowo sikuti mulibe kanthu, kungoti mankhwala omwe amagwiritsa ntchito pokonza kachidutswako amasungunula mafuta n'kusiya malo ake. Apa pali kamsampha, glycogen, yemwe ndi shuga wosungidwa, nayenso amasiya malo otuwa, ndiye munthu wofulumira atha kunena kuti mafuta pomwe ndi shuga. N'chifukwa chake a mu labu osamala amadula chiwindi chowumitsidwa ndi kuzizira n'kuchipaka utoto wa Oil Red O umene umafiiritsa mafuta okha, kapena PAS yemwe amagwira glycogen. Ndikawerenga lipoti lomwe langoti "maselo anali ndi mabowo" osanena kuti anasiyanitsa bwanji ziwirizi, ndimayamba kulikayikira pomwepo.

Tsopano ma fatty acid enieniwo. Aliyense ndi tcheni cha ma carbon, kusiyana kwake ndi kutalika kwa tchenicho komanso malo angati amene ma carbon agwirana pawiri. Pamene agwirana pawiri tcheni chimapindika. Palmitic acid ali ndi ma carbon 16 opanda kupindika kulikonse, ndipo ndi amene wadzadza m'mafuta a kanjedza wa mafuta, pafupifupi 44 peresenti. Oleic acid ali ndi 18 ndi kupindika kumodzi, ndiye wochuluka m'mafuta a canola. Linoleic acid 18 kupindika kuwiri, uyu ndi omega-6, wa mu soya ndi mpendadzuwa, mafuta a soya oposa theka ndi iyeyu. Alpha-linolenic acid 18 kupindika kutatu, omega-3 wa zomera, wochuluka m'mafuta a linseed. Kenako akuluakulu a m'nyanja, EPA wa ma carbon 20 kupindika 5 ndi DHA wa ma carbon 22 kupindika 6. Kupindikaku musakuone kuchepa. Palmitic payekha amasungunuka pa madigiri pafupifupi 63, pomwe DHA amakhalabe wamadzi mpaka kuzizira kwa -44. Nsomba ilibe ng'anjo yake m'thupi, kutentha kwa madzi ndi kutentha kwake, ndiye salmon imene ikukhala m'madzi a madigiri 8 ikufunika khungu la maselo lofewa lomwe silingaume, ndipo mafuta owongoka aja olo kuwagaya m'matumbo imavutika nawo kukazizira. Tilapia pa madigiri 28 nkhani yake ndi ina.

Pali chinthu china chomwe chimandisangalatsa kwambiri pa nkhaniyi, chimaoneka akatenga maselo a chiwindi n'kuwalera m'mbale mu labu. Ukawathira oleic acid wambiri, maselo amadzadza madontho a mafuta, pa Oil Red O mbale yonse kufiira, koma ambiri amakhalabe moyo. Ukawathira palmitic acid wambiri madontho amakhala ochepa koma maselo amayamba kufa. Zikumveka zopindika eti? Chifukwa chake n'chakuti oleic selo limamukulunga mosavuta kukhala triglyceride, mafuta osungidwa amene amangokhala phee osavutitsa. Palmitic akachuluka sakulungika msanga, ena amasanduka ceramide, mafuta ovulaza selo akachuluka, ena amalowa m'khungu la endoplasmic reticulum, komwe selo limapindira mapuloteni ake, n'kuliumitsa, ntchito imasokonekera, selo limaliza alamu ndipo alamuyo ikalira nthawi yaitali selo limadzipha lokha. Ukathira awiriwa pamodzi oleic amathandiza kumukokera palmitic mu dontho ndipo imfa imachepa. Ndiye dontho la mafuta lomwe timaliona ngati mdani nthawi zina ndi njira yomwe selo likudzitetezera. Chowopsa kwenikweni ndi mafuta amene akungoyendayenda m'selo osasungidwa, osawotchedwa, osatumizidwa.

Selo lili ndi chida chake chopindira mafuta owongokawa, enzyme yotchedwa delta-9 desaturase, imatenga stearic acid n'kumusandutsa oleic. Tsono pali mbewu imodzi imene imabwera ndi mankhwala otseka chida chimenechi, thonje. M'njere za thonje muli ma fatty acid achilendo, sterculic ndi malvalic, omwe ali ndi kamphete ka ma carbon atatu, ndipo akalowa m'chiwindi amaigwira enzyme ija osagwiranso ntchito. Nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Cha m'ma 1960 ku America nsomba za rainbow trout m'malo ambiri oswetsera zinapezeka ndi zotupa za khansa m'chiwindi, atafufuza anapeza kuti gwero ndi aflatoxin, poizoni wa chuku, yemwe anali mu keke ya thonje imene ankaika mu fidi. Kenako ofufuza a ku Oregon State University anaonetsa kuti ma fatty acid a kamphete aja akakhalapo pamodzi ndi aflatoxin khansayo imakula msanga ndiponso imagwira nsomba zambiri. Onjezanipo gossypol, poizoni wina wa m'thonje momwemo. Sindikunena kuti thonje lisayandikire fidi, limagwiritsidwa ntchito ndithu makamaka kwa nsomba zolimba ngati tilapia, koma pa mlingo wake komanso louma bwino lopanda chuku, osati kungothira poti lapezeka.

Za omega-3 ndi omega-6 zija, chiyambi chake ndi 1929 pamene George Burr ndi mkazi wake Mildred Burr ku University of Minnesota anaonetsa pa makoswe kuti pali mafuta ena omwe thupi silingathe kupanga lokha, ukawachotsa m'chakudya nyama imadwala. Nsomba nazo n'chimodzimodzi, sizingapange linoleic kapena alpha-linolenic kuchokera pa zero. Koma zimasiyana pa zomwe zingachite nawo zikawalandira. Nsomba zambiri za m'madzi opanda mchere, tilapia, carp, mlamba, chiwindi chawo chili ndi ma enzyme otalikitsa tcheni ndi kuwonjezera kupindika, ndiye zitha kutenga wa ma carbon 18 wa m'zomera n'kupanga zokha arachidonic acid, EPA ndi DHA. Nsomba za m'nyanja ya mchere zodya zinzake, monga sea bream, sea bass ndi turbot, luso limeneli n'lochepa kwambiri, sinanga makolo awo ankangozipeza zopsa kale m'chakudya chawo, ndiye ziyenera kupatsidwa EPA ndi DHA wokonzeka. Salmon ili pakati, imatha koma osafika pomwe ikufuna. Tilapia imafuna kwambiri omega-6, cha m'ma 0.5 mpaka 1 peresenti ya fidi, zomwe mafuta a soya pang'ono chabe amakwanitsa. Ndiye ndikamva munthu akuti wagula mafuta a nsomba odula akuthira mu fidi wa tilapia "kuti chiwindi chikhale bwino", ndimaona kuti wabwereka nkhawa ya mlimi wa salmon.

Nsomba ikasowa ma fatty acid ofunikawa chiwindi chimatuwa n'kufufuma olo fidi akhale wa mafuta ochepa, chifukwa popanda iwo selo silingapange bwino phospholipid, mafuta okutira timapaketi ta VLDL tija, ndiye katundu amalowa koma satuluka. Pa trout zimadziwikanso kuti zipsepse za kumchira zimadyeka ndipo nsomba imakomoka ukangoigwira. Komanso EPA ndi DHA sikuti ndi zomangira chabe, amalamulanso. M'selo muli puloteni yotchedwa PPAR-alpha, omega-3 akaigwira imayatsa majini owotcha mafuta. Mulinso ina SREBP-1 imene imayatsa majini opanga mafuta atsopano, omega-3 amaitontholetsa. Ndiye mukachotsa mafuta a nsomba onse mu fidi wa nsomba ya m'nyanja n'kuikamo a soya okhaokha, mwachepetsa kuwotcha, mwatsegula kupanga, ndipo linoleic wochuluka uja akupikisana ndi omega-3 pa ma enzyme omwewo. Kuchokera ku omega-6 thupi limapanga arachidonic acid, yemwe ndi gwero la mankhwala otupitsa monga prostaglandin E2. Kutupa kumafunika polimbana ndi matenda, koma kukakhala kosazima chiwindi chimatopa. Zochokera ku EPA ndi DHA zimakhala zofatsa ndipo zina ntchito yake ndi kuzimitsa kutupako.

Nanga bwanji osangopatsa nsomba zonse mafuta a nsomba basi nkhani ithe? Kulibe okwanira. Dziko lonse limapanga matani pafupifupi 1 miliyoni pa chaka, ndipo nambalayi siikukwera chifukwa nsomba zing'onozing'ono zomwe amafinya zili ndi malire ake. Gawo lalikulu limachokera ku kansomba ka ku Peru kotchedwa anchoveta, ndipo mu 2023 El Niño atatenthetsa nyanja boma la Peru linaletsa nyengo yoyamba yopha nsombazi m'chigawo chachikulu, mafuta a nsomba anasowa pa msika wa dziko lonse. Uku ulimi wa nsomba ukungokula, lipoti la 2024 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linaonetsa kuti mu 2022 zamoyo za m'madzi zoweta zinafika matani 94.4 miliyoni, koyamba kupitirira zogwidwa m'nyanja ndi m'mitsinje. Ku Norway fidi wa salmon mu 1990 anali pafupifupi 90 peresenti zochokera m'nyanja, pofika 2013 zinatsika kufika cha m'ma 30 peresenti, malo a mafuta a nsomba analowa a canola. Ofufuza a ku University of Stirling anapeza kuti EPA ndi DHA mu salmon yoweta ya ku Scotland anatsika ndi theka pakati pa 2006 ndi 2015. Anthu ambiri ankadandaula za wodya nsombayo, kuti sakupezanso omega-3 wokwanira, zomwe n'zoona, koma nsombayo ndi imene imayamba kumva kusinthako m'chiwindi mwake isanafike pa mbale ya munthu.

Koma tsopano mbali yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonsezi, ndipo siikambidwa mokwanira, kuwonongeka kwa mafuta. Kupindika komwe kumapangitsa DHA kukhala wabwino ndi komwenso kumamupangitsa kukhala wosalimba. Pamalo aliwonse opindika mpweya wa okosijeni umatha kuluma, ukaluma pamodzi pamabadwa kachidutswa kolusa kotchedwa free radical, yemwe amakaluma tcheni choyandikana nacho, icho n'kuluma china, zimangopitirira zokha. Kutentha kumafulumizitsa, kuwala kwa dzuwa, chinyezi, ngakhale tizitsulo ta ayironi ndi kopa tomwe tili mu premix (msakanizo wa mavitamini ndi michere wothira mu fidi) momwemo. Zotsatira zake ndi ma peroxide, kenako ma aldehyde monga malondialdehyde amene a mu labu amayeza pofuna kudziwa kuti zawonongeka bwanji. Mphuno nayo imadziwa, fidi wabwino amanunkhira nsomba kapena mbewu, wowonongeka amanunkha ngati penti wakale, fungo lobaya kukhosi, ndipo thumba limakhala ndi madontho a mafuta oderako mkati.

Nsomba ikadya fidi wotere zinthu zimaipa pawiri. Poizoni uja amapita ku chiwindi kukawononga khungu la maselo ndi mitochondria, ndiye kuwotcha mafuta kumachepa pa nthawi yomwe kukufunika kwambiri. Komanso vitamini E yemwe amayenera kuteteza amakhala atatha kale m'thumba momwemo polimbana ndi kuwonongekako, nsomba imalandira moto wopanda chozimira. M'chiwindi mumayamba kuunjikana zinyalala zachikasu moderako zotchedwa ceroid, zotsalira za mafuta opsa ndi mapuloteni zomwe selo silingathe kugaya. Pa trout ndi salmon matendawa ndi akalekale, amawatcha lipoid liver degeneration, chiwindi chimatupa n'kukhala cha mtundu wa mkuwa, makha amatuwa chifukwa magazi achepa. Apa ndi pomwe ndimatsutsana ndi anthu amene amaganiza kuti omega-3 akachuluka ndiye bwino basi. Omega-3 wochuluka wopanda vitamini E wokwanira, wopanda selenium, mchere umene enzyme yoteteza maselo ya glutathione peroxidase imadalira, atha kuvulaza chiwindi kuposa mafuta wamba a zomera omwe ali atsopano. Mutandipatsa kuti ndisankhe pakati pa mafuta a nsomba amene akhala m'chigubu chotsegula padzuwa ndi mafuta a canola ongofinyidwa kumene, pa tilapia sindingaganize kawiri.

Opanga fidi amathiramo mankhwala oteteza monga BHT ndi BHA, kale ethoxyquin ndi amene anali ponseponse makamaka mu ufa wa nsomba, mpaka European Union inaimitsa chilolezo chake mu 2017. Koma mankhwalawa amangochedwetsa, sabweza zomwe zawonongeka kale. Ndipo amene mumasakaniza fidi nokha dziwani kuti gaga wa mpunga ali ndi enzyme yake imene imayamba kuphwanya mafuta akangopunthidwa, pakangopita masabata ochepa pamalo otentha amakhala atasasa. Mafuta okazingira omwe agwira kale ntchito ndiye musayerekeze n'komwe, olo akupatseni ulere.

Chinanso chodabwitsa, fidi wa mafuta ochepa atha kubweretsa chiwindi chamafuta. Ukachepetsa mafuta ndi puloteni kuti fidi atsike mtengo, chimene chimadzadza malowo ndi sitachi. Sitachi amasanduka shuga, shuga akachuluka chiwindi chimayamba chamusunga ngati glycogen, kukadzadza chimamusandutsa mafuta, ndipo fatty acid woyamba amene chimapanga ndi palmitic yemwe uja. Ndiye munthu atha kulumbira kuti ine mafuta sindithira, koma nsomba ikudzipangira yokha mkati, a mtundu womwe uli wovuta. Tilapia ndi carp zimapirira sitachi bwino ndithu, koma nsomba zodya nyama monga trout kapena largemouth bass yemwe amawetedwa kwambiri ku China, shuga amakhalitsa m'magazi ndipo chiwindi chimafufuma msanga. Kumbali ina mafuta akachulukitsa nawo ndi vuto. Fidi wa salmon amapitirira 30 peresenti mafuta ndipo salmon imakwanitsa, poti imawasunga m'minofu ndi m'mimba, cholinga chake n'chakuti nsomba iwotche mafuta m'malo mwa puloteni yodula ija, galamu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu pafupifupi kawiri ya puloteni. Tilapia mukaipatsa zomwezo mwaipha, iyo imakhala bwino cha m'ma 5 mpaka 10 peresenti kapena kupitirira pang'ono.

Kenako choline, yemwe ali ngati vitamini. Kanthu kakang'ono koma kakasowa phosphatidylcholine, phospholipid wokutira VLDL uja, sapangika, VLDL siituluka, chiwindi chimadzadza ngakhale mafuta ake ali abwino chotani. Methionine, kachidutswa kena ka puloteni, amathandizana naye, ndipo fidi wodalira soya kwambiri nthawi zambiri methionine amaperewera. Ana a nsomba ongoswa kumene ndiye savuta kugwa, sanayambe kupanga phospholipid wokwanira paokha, n'chifukwa chake mu fidi wawo amaikamo lecithin, yemwe ndi phospholipid wokonzeka kale.

Ndisaiwale, si chiwindi chonona chilichonse chomwe chili chodwala. Cod imasunga mafuta ake pafupifupi onse m'chiwindi, mnofu wake ndi wopanda mafuta, chiwindicho kuposa theka ndi mafuta ndipo ndi mmene inalengedwera, ndiko kumachokera mafuta a chiwindi cha cod omwe amagulitsidwa m'mabotolo. Shaki nazonso chimodzimodzi, chiwindi chake chimazithandiza kuyandama. Ndiye musatenge muyeso wa nsomba ina kuyezera ina. Ngakhale mu mtundu umodzi, yaikazi imene ikukonzekera mazira chiwindi chimakula chifukwa ndi chomwe chimapanga vitellogenin wopita m'mazira, ndipo nsomba yomwe yangodya kumene chiwindi chake chimasiyana ndi ya njala ya tsiku limodzi. Pa tilapia ndi carp palinso kapamba amene walowerera mkati mwa chiwindi momwemo, ndiye timizere totuwa tomwe mungaone si nthawi zonse tili matenda.

Kutsogoloku njira zikutseguka. Pajatu omega-3 wa m'nyanja sapangidwa ndi nsomba, amayambira mu tizomera ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso, nsomba zimangotolera. Ndiye makampani anangopita ku gwero, Veramaris, imene inakhazikitsidwa ndi makampani a DSM ndi Evonik, inatsegula fakitale ku Blair, Nebraska mu 2019 yolera tizamoyo totchedwa Schizochytrium m'matanki n'kufinya mafuta okhala ndi EPA ndi DHA. Ku Rothamsted Research ku England anasintha majini a mbewu ya camelina kuti izipanga yokha mafuta amenewa m'munda, ndipo kampani ya Nuseed inatulutsa canola wotero. Kwa alimi a salmon ndi sea bream izi ndi nkhani yaikulu. Koma mafuta amenewanso ndi opindikapindika chimodzimodzi, amafunika chitetezo chomwecho ku mpweya ndi kutentha, chiwindi sichifunsa kuti DHA wopsayu anachokera mu thanki kapena m'nyanja.

Zomwe munthu angachite pa damu kapena pa khola la m'madzi popanda labu ndi zosavuta, kungoti zimafuna kuzolowera. Nthawi iliyonse mukuyeza kukula, patulani nsomba zingapo, osati zodwala zokha, mutumbule. Yezani nsomba yonse, yezani chiwindi pa sikelo yaing'ono, gawani kulemera kwa chiwindi ndi kulemera kwa nsomba n'kuchulukitsa ndi 100, imeneyo ndi HSI. Nsomba ya magalamu 300 chiwindi magalamu 6, HSI ndi 2. Nambala imodzi payokha siinena zambiri, chofunika ndi mmene ikuyendera mwezi ndi mwezi pa nsomba zanu zomwezo, ndipo muziyeza nthawi yofanana, m'mawa musanadyetse. Jambulani chiwindicho ndi foni pa mbale yoyera kuti mtundu muziufananiza, maso amaiwala. Onaninso ndulu ndi mafuta okuta matumbo. Lembani tsiku lomwe thumba la fidi linapangidwa ndi tsiku lomwe mwalitsegula, matumba akhale pa mapaleti osagunda khoma, pamthunzi podutsa mphepo, lakale liyambe kutha. Amene muli ndi mwayi wa labu, ma enzyme a ALT ndi AST m'magazi amakwera maselo a chiwindi akamaphulika, ndipo mafuta mutha kuyezetsa peroxide value, muyeso wa kuwonongeka kwake, musanawathire mu fidi, kungoti nambalayo imatsikanso mafuta akawonongekeratu, ndiye mphuno isapume.

Mukapeza chiwindi chatuwa, musathamangire mankhwala. Yambani mwanunkhiza fidi, ngati wasasa musiyeni. Chepetsani chakudya kwa masiku angapo, onani ngati simukudyetsa mopitirira makamaka madzi akazizira pomwe nsomba siziwotcha zambiri, kenako funsani wopanga fidi kuti mafuta ake ndi a chiyani, choline ndi vitamini E waikamo wochuluka bwanji. Wopanga wabwino amayankha. Madontho a mafuta okha amabwerera m'mbuyo, pakapita masabata angapo pa fidi woyenera chiwindi chimayambanso kufiira. Koma pomwe maselo afa kale n'kulowedwa m'malo ndi zipsera zolimba, kapena ceroid wadzadza, nsomba imeneyo siidzakulanso ngati zinzake, bola kuikolola msanga kusiyana n'kupitiriza kuidyetsa.